Kachisi pa khoma la penti

Sendezani kuno nonse. Inu apongozi, siyani kaye nandoloyo. Chete tsopano, ndiyankhule.

Ine pa utsikana wanga nyumba za kwa Nthache zinkandidziwa. Anthu akamaliza kuzira khoma ankandiitana, ine n'kubwera ndi katondo, phulusa ndi makala, n'kumajambula maluwa ndi nkhanga ndi zala zangazi. Kusukulu sindinapondeko, koma dzanja ndinali nalo. Ndiye mwana wanga wamkazi, wageni yakumalire uja, anandimangira nyumba yasimenti. Akuti, "Amayi, khomali ndi la penti, musalidetse." Ndinapinda manja, zaka n'kumapita.

Chaka chatha maso anayamba kuchita chifunga. Mwanayo ananditengera ku Blantyre, adokotala n'kuti, "Agogo, iyi ndi ng'ala, mudzabwerenso." Mtima sunakhale m'malo. Kodi pofika tsikulo ndidzakhala ndikuonabe? Nthawi ya basi isanakwane, mwanayo anandilowetsa m'nyumba ina yosungiramo zinthu zakale, akuti ndipumule.

Pakona panali kachisi. Kanyumba kozungulira, kaudzu, timiphika tansembe pakhomo, ngati komwe agogo anga ankapemphera mvula. Zala zinayamba kuyabwa. Ndinazungulira, ndinakhala pansi, ndinadzukanso. Pepala ndinalibe. Ndinatulutsa buku lakuchipatala, n'kumasula pamfundo ya chitenje khala lomwe ndimatsukira mano.

Mlonda uyo wafika: "Mayi, chingwecho musadumphe."

"Sindikudumpha, bambo, ndikusuzumira. Maso ake ndi omwewa mukuwaonawa."

Mwana wanga naye: "Amayi, mukuwononga buku. Adokotala adzalemba pati?"

"Adzalemba padengapo."

Koyamba denga linapendekeka. Kachiwiri khomo linatuluka ngati kukamwa kwa ng'ombe. Ndinafufuta ndi malovu, kachitatu kanyumba kanaima.

Titabwerera kuno ndinkangoti ndalowa, ndatuluka. Kanyumba ka m'bukuko kanali kakang'ono, maso sankakagwiranso. Tsiku lina mwana atangokwera kabaza wakumalire, ndinakakumba katondo, ndinasungunula phulusa, ndinaima pakhoma la penti lija. Dzuwa pofika pamutu, kachisi anali wamtali ngati ine.

Madzulo ndinamva belu la kabaza. Ndinabisa manja m'chitenje. Mwana anaima, kuyang'ana khoma, kuyang'ananso. Ine ndayamba kuzembera kuseri kwa nkhokwe, ndiye ndingomva akukuwa:

"Amayi, bwererani kuno! Timiphika tapakhomo tija mwatisiya kuti?"