Kabotolo ka Magazi a Atate

Kampani yawo itagulitsidwa, atate anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo, nabwerera kunyumba kwathu ku komboni ya George ndi chifuwa chosatha. Ku kiliniki ankati ndi TB. Anamwa mapiritsi mpaka kutopa nawo, osasintha. Kuchipatala chachikulu m'tauni ndi kumene anatiuza kuti ndi khansa ya m'mapapo.

Ine ndine mwana woyamba, ndipo nthawi imeneyo ndinkagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika, choncho wowaperekeza ndinali ine. Ulendo uliwonse, asanawaike diripi ya mankhwala, anamwino ankawatenga magazi m'kabotolo. Atate zimenezi sankazifuna. Mu komboni munali mphekesera zoti magazi a anthu akugulitsidwa kwa a satana, ndipo mayi wina woyandikana nafe anandiimitsa kokatunga madzi.

"Imwe, bazabasiliza magazi batate banu! Onani sisi yagwa, bayonda. Bapelekeni ku mapempelo."

Kunena zoona, atate ankaoneka ofooka kuposa kale. Ankasanza, malaya onse anawakulira. M'mawa wina anakhala pakhonde nsapato zili m'manja, nati sapitanso. Ndinawanyengerera kuti tipite komaliza, akadzifunsire okha.

Adokotala anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Atate sanazungulire.

"Adokotala, magazi angawa mumapita nawo kuti?"

Adokotala sanaseke. Anafotokoza kuti chotupa cha m'mapapocho chimataya tizinthu tina m'magazi, ndipo iwo amayeza kuchuluka kwake. Mankhwala akamagwira ntchito, tizinthuto timachepa, nthawi zina wodwala asanayambe n'komwe kupeza bwino.

"Nanga mwa ine tikuchepa?"

"Tachepa kwambiri, atate. Koma magazi okha sitiwadalira. Tijambulenso chifuwa kuti titsimikize."

Chithunzi chinavomereza. Chotupa chinali chitafota. Ine ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa khoma, atate akundidikira pabenchi.

Mu minibasi pobwerera, atate, amene maulendo onse ankangokhala duu pawindo, anayamba kutsutsana ndi kondakitala za mpira, mpaka basi yonse inalowerera. Kuyambira pamenepo ankapinda okha mkono wa malaya anamwino asanafike, n'kumalimbikitsa odwala anzawo pamzere kuti asaope jekeseni.

Matendawo sanatheretu, ndipo adokotala anatichenjezeratu zimenezo. Koma tsitsi linamera, mawu anabwerera. Mvula itagwa anadzala maungu a ndiwo za chibwabwa kuseri kwa nyumba, akupumira pakhasu. Chaka chotsatira mng'ono wanga anakwatiwa ku Matero, ndipo atate ndi amene anamulowetsa m'tchalitchi, popanda wowagwira mkono. Kumadyerero anaimirira n'kuyamba kuvina. Amayi anawakoka jekete kuti akhale pansi, mpweya ungawathere. Atate anakana, nakodola woimbitsa nyimbo kuti aibwereze.