Tsiku Limene Ndinakolopa Pansi pa Migolo

Inu amene mukuti zanu zakanika, bwerani kuno ndikuuzeni za Bryony, mwana wa malemu mchimwene wanga. Ine sukulu ndinalekeza pomwe aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndiye musayembekeze mawu akuluakulu.

Tsiku limene ankatsegula bala yake kuno ku Barnsley, pofika 2 koloko masana Bryony anali atakhala pa masitepe a chipinda chapansi, misozi ili chuchuchu. M'balamo munali mipando yokhayokha.

Mayi ameneyu anatha zaka 19 akutsuka matambula m'bala ya eni. Itatsekedwa, iye anatsala ndi epuloni basi. Anapeza kasitolo komwe kale ankagulitsiramo nyama, n'kukapenta yekha, n'kuikamo mipope khumi: mowa wakuda, wowawa, wa maapozi, wina wonunkhira malalanje ngati sopo. Koma mtima wake unali pa mowa wa m'migolo, uja wopopa ndi dzanja kuchokera m'chipinda chapansi.

Mowa umenewu ndi wamatama kuposa mkwatibwi. Mgolo ukafika umaugoneka, n'kuusiya masiku awiri kapena atatu kuti masese adikhe. Ukangougwedeza, wavunduka.

Nanga ine ndinkadziwa? M'mawa wa tsikulo ndinatsikira m'chipinda chapansi chija ndi mopu wanga, n'kuona fumbi pansi pa migolo. Ndinaikankhira uku, kuipendeketsa uko, yonse inayi, kukolopa mpaka pansi kuwala. Ndinakwera ndikuimba.

Oyamba kulowa anali a Clive, mkulu wandevu yemwe kale ankakumba malasha, ali ndi madala anzawo. Chimene a Clive anena pa za mowa, tauni yonse imavomera. Anatenga tambula n'kuiloza pawindo, monga achitira onse odziwa.

"Mwana iwe, ine ndaitanitsa mowa, osati msuzi wa nandolo."

"Bweretsa buledi tisunse!" anakuwa wina kumbuyo.

Bryony akanatha kunama kuti ndi mmene akufululira masiku ano. Ena amatero. Iye analanda tambula ija n'kukhuthulira musinki.

"Pepani achikulire. Wa m'migolo lero sindigulitsa."

Madala anatuluka akuseka, ena onse n'kutsatira.

Bryony ndinamupeza pa masitepe paja n'kuulula tchimo langa. 

"Azakhali, kwanu simunakolopepo chichokereni amalume, ndiye mwasankha kuyambira pano?"

Tinaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta kumaso anapita kukagula loko wa chipinda chapansi, kiyi n'kumangirira m'khosi.

Koma tauni sinaiwale msanga. Bala ija anaipatsa dzina loti Kwa Msuzi. Anthu ankasuzumira pawindo n'kudutsa. Tsono mgolo ukautsegula umakoma masiku atatu, anayi, kenako wasasa. Bryony ankataya wotsalawo, ine mtima ukuwawa.

"Sakaniza ndi watsopano, iwe. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine, azakhali."

M'mawa uliwonse ankatsuka mapaipi, kulawa mgolo uliwonse, kutsegula chitseko, n'kuima podikira anthu atatu kapena anayi. Anandiuza kuti Khirisimasi ikafika zinthu zili chomwechi, atseka.

Lachiwiri lina mu Novembala, mvula ikukhuthuka, a Clive analowa akudontha.

"Ndangothawa mvula ine, musadzimve."

Bryony anakoka mpope mwaulemu, n'kuwaikira tambula patsogolo. Anaiyang'ana, kununkhiza, n'kumwa mpaka pansi. Thovu linatsala m'ndevu.

"Ndiye bwanji, Clive?" ndinafunsa ine. "Lilime lagwera m'tambula?"

"Mvula yakata," anatero, n'kutuluka. Kunja inali ikadagwa.

Mawa lake kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. A Clive anabwera ndi madala asanu ndi mmodzi, m'thumba atanyamula kapu yachitsulo ya malemu bambo awo. Kwathu kuno kapu yotere suisiya m'bala yomwe sukufuna kukalambiramo.

"Khoma msomali apo, mwana wanga, pafupi ndi moto. Ine malo anga ndi amenewa."

Bryony anagwira hamala n'kuyamba kukhoma, mpaka anadzimenya chala. Khirisimasi inafika, bala ili yotsegula, pakhoma pali makapu 23.

Tsono iwe amene tsiku lako loyamba linakuchititsa manyazi, mawa dzuka ukatsegulenso chitseko. Oseka aja amatopa, ludzu n'kuwagwira. Chita ntchito yako bwinobwino ngakhale palibe akukuona, ndipo osataya mtima. Ndanena ine Doreen, amene ndinawononga migolo inayi koma Lamlungu Bryony amandiitanabe ku chakudya.