Makina Okumbiratu Manda

Ndili kumanda masanasana, ine mkulu wa adzukulu, amene ndikakuwa makasu onse amaima. Koma anyamata anga kulibe. Amene akukumba ndi makina oyankhula ngati munthu, opanda wowayendetsa.

"Wamwalira ndani?" ndikuwafunsa.

"Palibe, agogo. Tikungopeputsa ntchito."

"Iwe, kwathu kuno manda sakumbiratu. Leka!"

Sakuleka. Maenje afika kale m'dimba la mkazi wanga, mpiru uli m'mbali. Ndikuti ndikuwenso, mawu anga enieniwo akutulukira m'makinamo, akuti, "Kumbani."

Kenako makinawo akutola bango lomwe timayezera mtembo, akugwada mwaulemu, akuliimika pambali panga.

"Wongokani pang'ono, agogo."

Ndipo ine ndikuwongoka.

Ndadzuka kutulo. Mpaka pano sindinakalipire munthu.