Khobidi limene alamu anakwecha

Malemu achimwene anali okonza mawotchi. Ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, katebulo patsogolo, kagalasi kali m'diso tsiku lonse, moti anzawo ankangowatchula kuti Adisolimodzi. Iwo sankakwiya nazo. Ankati diso limodzilo limaona zambiri kuposa awiri a anthu ena.

Za makobidi akale zinayamba mwangozi. Anagula chitini cha mawotchi akufa kwa mkulu wina wogulitsa zinthu zakale, ndiye pansi pa chitinicho panali khobidi lobiriwira, lokumbika m'mbali ngati lalumidwa ndi khoswe. Ataliyang'ana ndi kagalasi anaona mutu wa mfumu yovala masamba. Mkulu uja anawauza kuti ndi la nthawi ya Aroma, omwe aja timawamva m'Baibulo. Basitu, mtima unagwera pomwepo.

Sukulu sanapite nayo patali, koma pa izi anali ndi khama. Makasitomala akasowa, ankaonera pafoni anthu akufotokoza za makobidi. Anaphunzira kuti khobidi lakale sagwira pamimba, amagwira m'mbali. Anaphunzira kuti kalelo ankachita kulisula ndi nyundo, n'chifukwa chake silikhala lozungulira bwinobwino. Chachikulu, anadziwa kuti zobiriwira zija si litsiro ayi, ndi khungu lake limene zaka zaliveka, ndipo odziwa amayamba kuyang'ana pamenepo. Aliyense wobwera ndi wotchi ankamva zimenezi, afune asafune. Amene sanamve ndi akazi awo okha, chifukwa nkhaniyo ikangoyamba alamu ankati, "Abambo, ndalama yosagula ngakhale mchere? Ndisiyeni ine."

Mkulu wa zakale uja anali m'gulu la anthu osonkhanitsa makobidi, ndipo gululo linakonza chionetsero m'holo ina. Anawalonjeza achimwene malo patebulo. Chimenechi ndiye chinali kumtima kwawo: kukhala pakati pa anzawo odziwa, khobidi lawo lili pansalu, anthu akufunsa iwo akuyankha. Mpaka anakachapitsa jekete.

M'mawa wa tsiku la chionetserolo achimwene akusamba, alamu anaona khobidi lili pakambale. Anati mwamuna wanga akachite manyazi pagulu ndi chinthu chakuda chonchi, ine ndilipo? Anatenga ndimu ndi waya wokwechera mapoto.

Achimwene potuluka kubafa anapeza khobidi lili mbuu, kuwala ngati chivindikiro chatsopano.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndakutsukirani. Osathokoza?"

"Mwalisenda khungu!"

"Khungu? Ndi nkhuku imeneyi?"

Achimwene anakhala pampando thaulo lili m'khosi. Alamu ataona nkhopeyo nthabwala zinatha, anangoima ndi wayayo m'manja. Patapita kanthawi achimwene anadzuka. "Valani, tipitire limodzi."

Kuholo mkulu uja anangoliona n'kugwira mutu. "Adisolimodzi, ili silingakhale patebulo pano. Laonongeka."

"Ndikudziwa, akuluakulu. Ndipatseni kumapeto uko, pafupi ndi chitseko."

"Mukatani nalo?"

"Anthu akulowawa ambiri ali ndi khobidi la agogo awo kunyumba, ndipo manja akuwayabwa kuti akalitsuke. Aziona kaye ili."

Mkuluyo anaseka n'kuwakokera mpando. Tsiku lonse anthu anaunjikana pakona pamenepo kuposa pa makobidi asiliva. Achimwene ankapereka kagalasi kawo kuti munthu aone yekha mmene waya anakalira tsaya la mfumuyo, mpaka masamba akumutu kutsala pang'ono kufufutika. Mayi wina anafunsa kuti kodi wankhanza wake ndani. Achimwene anayamba kutsokomola, koma alamu anakweza dzanja okha.

"Ndine, mayi. Ndimu ndi waya. Musakayerekeze."

Kuyambira pamenepo ankafotokoza awiri, wina akapuma wina n'kupitiriza, kumatsutsanako pang'ono pamaso pa anthu ngati ali kwawo.

Gululo linawalandira achimwene tsiku lomwelo, ndipo chionetsero chilichonse mpando wa pachitseko unali wawo, mpaka pamene mtima unawavuta n'kutisiya chaka chatha. Ife abale awo tikuwasowa kwambiri. Chaka chino gulu latumiza uthenga kuti alamu apite akakhale pampandopo. Akuti apita.