Geti Lomwe Linakumbatira Mzati

Chaka chomwe tinamanga mpanda kwathu kwa Mavwere, ndinapalasa njinga kupita pa Boma kukawotcheretsa geti kwa alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwo ali ndi shedi yawo kuseri kwa msika.

Ndinawapeza akulumikiza felemu ya getilo uku akukamba za mpira. Ankangodontheza moto apa ndi apo m'ngodya, mwachangu, kuti ndione kuti ntchitoyi ili m'magazi. Atamaliza anati, "Nyamulani uko, alamu."

Titanyamula, denga lonse linagwedezeka. Felemu ija anali ataiwotcherera mozungulira mzati wa shedi.

Anavula magalasi awo akuda n'kuuyang'anitsitsa mzatiwo. "Mzati uwu sunali pano," anatero.

"Mwina wabwera kudzaonerera," ndinawayankha.

Asanagwire n'komwe gilayinda yodulira zitsulo, magetsi anathima. Anatenga tchizulo ndi hamala n'kuyamba kugumula timadontho tija kamodzikamodzi, ine nditagwirizira chitsulo kuti chisapindike. Kadontho kalikonse kankakana ngati kanabadwira pomwepo. Hamala itaphonya n'kupeza chala chawo, anachiika m'kamwa, kenako anati, "Mwaona kulimba kwake? Akanakhala wina, bwenzi izi zitayoyoka kalekale."

Ndinavomera kuti geti lotere wakuba sangalinyamule, pokhapokha atatenga ndi shedi yomwe.

Dzuwa litapendeka, ngodya inalekana ndipo mzati unamasuka. Pondiperekeza anandinong'oneza kuti mlongo wawo asamve. Ndinalonjeza, ndipo chinsinsicho ndinachisungadi njira yonse, mpaka pamene ndinatsika njinga pakhomo.