Diresi la Rhoda

Nesta ndi mwana wachiwiri wa Barnabas ndi Ethel a ku Puma, mudzi wa pa zilumba za Vanikoro, wopondana ndi Hilda. Anabereka ana anayi: Selwyn, Lois, Clement ndi Walter. Alipo ena amene amati atatu, koma amenewo sadziwa kuwerenga. Lois anatuluka m'mimba mwa Nesta, ndipo mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa bale, uja wa zipatso zazikulu zokoma zikawotchedwa.

Hilda anakwatiwa ku Lale, tsidya lina la chilumba chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa bwato. Anakhala zaka zisanu ndi zinayi osaona mwana. Ndiye Nesta ali ndi pakati pachiwiri, Hilda anatulukira ndi dengu la koko ndi kamba wam'nyanja wamoyo, nakhala pakhomo osalowa.

"Akulu, kamba yenseyu ngwa chiyani? Kwagwa maliro?"

"Usafunse ngati sukudziwa. Ali m'mimbamo ndi wanga."

"Nanga akakhala wamwamuna, wamakutu ngati a bambo ake?"

"Ndimtenga ndi makutu akewo."

Mkulu wako akapempha mwana pamaso pa makolo, sukana. Barnabas ndiye anadula nkhani: Hilda atenge mwanayo akaleka kuyamwa, koma akadzakula nabereka wamkazi, ameneyo adzatengedwe ndi Nesta. Kamba anadyedwa.

Nesta anayamwitsa Lois zaka zitatu. Amayi a kutchalitchi ankaseka kuti mwana wa mano onse akulendewerabe pabere. Tsiku litafika, anamunyamula yekha mpaka m'bwato, madzi akumulekeza m'chiuno. Pachiteanu, chiyankhulo chathu, kutenga mwana timangoti "la", chimodzimodzi potenga mpeni kapena nkhafi, koma mpeni sucheuka bwato likamachoka. Nesta anatembenuka n'kupita kukapalira koko. Palibe anamuona akulira.

Obadwa pambuyo pake anali amuna okhaokha. Mwamuna wake atamwalira, anawalera ndi zigoba za nkhono zimene ankazitola pansi pa nyanja n'kugulitsa sitima ikabwera. Mikeka yake imadziwika Vanikoro yense. Amangoyang'ana chipinda kamodzi, mkeka n'kukwana ndendende. Koma analibe mwana wamkazi womuphunzitsa kuluka, ndipo akazi a ana ake manja awo ndi olemera.

Lois anakulira ku Lale, nakwatiwa, nabereka Rhoda. Atapita ku mzinda wa Honiara kukagwira ntchito ndi mwamuna wake, mwanayo anamusiya kwa Hilda. Nesta anatumiza mawu. Yankho linali lakuti adikire mwana ayambe wayenda. Chaka chinacho anati nyanja yakwiya. Chinacho anati mwana ali ndi chifuwa.

Rhoda atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, Nesta anasoka diresi lobiriwira, nauza Clement kuti akankhe bwato. Anafika ku Lale Loweruka madzulo, nagona kwa wachibale kumapeto kwa mudzi. M'mawa mwake anaima panjira ya kutchalitchi anthu akutuluka. Hilda anatuluka pomalizira, maso atayera mbee, dzanja lili paphewa pa kamtsikana kowonda.

"Muzu, agogo. Kwezani mwendo. Tsopano mwala."

Panalibe amene anamuuzapo Nesta kuti mkulu wake saonanso. Hilda anali ataletsa mudzi wonse.

"Kupuma ngati nkhumba yokwera phiri kumeneko ndi kwa Nesta," anatero Hilda.

"Ndabwera kudzatenga wanga, akulu."

"Ndi uyu. Tenga."

Anachotsa dzanja paphewa pa mwanayo n'kuima yekha pakati pa njira, chibwano m'mwamba, atayang'ana kunyanja. Nyumba yake inali kumbuyo kwake.

Nesta anagwada n'kumuveka Rhoda diresi lija pamwamba pa lakale. Linalekeza pamwamba pa mawondo pang'ono chabe, loti mayi aliyense akanati n'labwino.

"Mumamudyetsa chiyani mwanayu? Watalika ngati mtengo wa kokonati. Ndilowe naye mu Puma chonchi, anthu andiseke? Ndikasoka lina."

Anagwira dzanja la Hilda n'kulibwezera paphewa paja.

"Koma musayese kuti ndakusiyirani. Mawu a bambo akadalipo."

"Wakana ndani? Iwe ndiye sudziwa kusoka."

Anadyera limodzi nsomba ndi koko, akukangana za amene anataya mphika wa amayi awo kalekale. Lolemba Nesta anabwerera ndi Clement, awiri okha.

Rhoda tsopano ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chaka chilichonse bale akapsa, Nesta amadzaza dengu kuchokera mumtengo wa kuseri uja, napita ku Lale ndi diresi latsopano. Amakhalako sabata ziwiri, ndipo mtsikanayo wayamba kale kupinda m'mphepete mwa mkeka monga apindira a kwa Ethel. Diresi lokha ndilo silinakwanepo. Mkeka wa Rhoda uli chipindire pamtanda wa denga ku Puma, ndipo mlendo akafuna kugonapo Nesta amamupatsa wina. Hilda akadali ndi mwana wa Nesta, ndipo onse awiri akudziwa.