Foni Inadzaza, Uthenga Sunalowe

Ndinaganiza zochoka chaka chimene makuponi anatilumpha ku Njombwa. Fodya wopanda feteleza ndi udzu chabe. Ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti ndikupita ku Joni. Sanatsutse. Anandikazingira mtedza wapaulendo.

Kumeneko ndinapeza ntchito yokolopa m'chipinda cha makompyuta. Munkazizira ngati mwezi wa Juni. Makina anali ambirimbiri, ogawana ntchito imodzi, mauthenga a anthu akudutsamo osaima. Wowayang'anira anali a Tembo a ku Chipata. Tinkamvana chilankhulo.

Makinawo ankakomoka pafupipafupi.

"Matenda awo ndi kulemba," anatero a Tembo. "Chilichonse chimene achita amalemba n'kusunga. Malo akatha, zatsopano zimasowa polowera."

Ankakhalira kufufuta zolembazo.

Ine ndinali ndi kafoni kakale. Nabanda analibe, ankabwereka ya aphunzitsi n'kundilembera. Ndalama zafika. Nazale yamera. Mwana wamkulu wayamba sukulu. Mauthengawo sindinkafufuta ngakhale umodzi. Kumene ndinkagona tinali ambiri, koma wocheza naye ndinalibe. Ndinkawerenga omwewo mobwereza.

Kenako mauthenga anasiya kubwera. Ndinakwiya. Ndinati ndalama zamukwana, wandiiwala. Kuimba kunali kodula, ndiye sindinaimbe. Pamwamba pa foni kaenivelopu kankathwanima. Sindinadziwe tanthauzo lake.

A Tembo anakaona tikudya masana.

"Achimwene, foni yanu yadzaza ngati makina angawa. Mukusunga makalata a chibwenzi?"

Anaseka, n'kufufuta angapo. Foni inayamba kulira osalekeza. Olemba anali aphunzitsi aja. Akazi anu akudwala. Tili kuchipatala ku Kasungu. Akukufunsani. Bwerani msanga. Womaliza unati: taika dzulo.

A Tembo anandibwezera foni ndi manja awiri. Tikiti ya basi anagula ndi iwo.

Mpaka lero sindikumbuka za m'njira.

Mudzi wa ku Njombwa ndi kwawo kwa Nabanda. Ine ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, chigafa cha fodya ndinamanga ndine, koma pa dothi la eni. Alamu anga, achimwene ake a malemu, anandilandira mwaulemu. Anandionetsa manda. Ndinatulutsa foni kuti ndifotokoze.

"Ibwezeni m'thumba, alamu. Palibe akukuimbani mlandu."

Patapita masiku anandikhazika pamkeka, abale onse alipo.

"Mwambo watha. Takusudzulani. Ndinu mfulu, mutha kupita kwanu, mutha kukwatira."

"Nanga ana?"

"Ana ali kwawo, alamu."

Sanalakwe. Ndi mmene timachitira. Ndikanafika mkazi wanga ali moyo, mwina akanandinenera mawu. Mwinanso ayi.

M'mawa ndinanyamula chikwama changa. Wamkulu anali kusukulu. Wamng'ono, amene ndinamusiya akuyamwa, ankasewera pakhonde. Agogo ake anamuitana.

"Iwe, perekeza alendo."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera akuthamanga.